Kuperekeza Madamu Moira ndi Galu Wawo ku France

Ndinagwira ntchito kwa Madamu Moira zaka zisanu ndi chimodzi ku Al Furjan, mumzinda wa Dubai, m'nyumba imene tinkakhalamo atatu: iwo, ine ndi galu wawo wokalamba dzina lake Hamishi. Madamu anali ochokera ku Scotland, mphunzitsi wa ana aang'ono, ndipo amuna awo anamwalira kalekale. Tsiku limene ndinapita kukafunsira ntchito, atamva kuti ndine wa ku Malawi, anandigwira mapewa n'kunena kuti ndife pachibale chifukwa anthu akwawo ndi amene anatibweretsera tchalitchi. Ndinayankha kuti achibale athuwo anachita bwino, kungoti anaiwala kutisiyira chuma. Anaseka mpaka kutsokomola, ndipo ntchito ndinaipeza choncho.

Mliri utafika, sukulu yawo inayamba kuchepetsa aphunzitsi, ndipo achikulire ndi amene anayamba kuuzidwa kuti akapume. Ku Dubai ntchito ikatha, chilolezo chokhalira m'dzikomo chimathanso. Ku Scotland Madamu ankati kunangowatsalira manda ndi mvula. Ndiye anatenga zonse zimene anasunga moyo wawo wonse n'kugula kanyumba m'tauni ina yaing'ono pakatikati pa dziko la France, dera limene anakachezako kamodzi ali mtsikana. Nyumbayo anaiona pa foni pokha. Mapepala anasainirana patali, ndipo kiyi anasiyidwa kwa mayi wina wa nyumba yoyandikana nayo, Madame Odette.

Ine za nyumbazo sizinkandidetsa nkhawa. Chinkandidya mumtima chinali china. Madamu ali ndi matenda othamanga magazi, ndipo chaka chapitacho anagwa m'bafa n'kukhala pansi pomwepo mpaka ine nditabwera kokagula zinthu. Nanga ku France akagwa adzawadzutsa ndani? Komanso Madamu ndi munthu wabwino, koma kupalana ubwenzi sankakudziwa. Zaka zonsezo ku Al Furjan sankadziwa dzina la munthu wa khomo loyandikana nalo, pamene ine ndinkadziwa ndi mayina a amphaka ake omwe. Ndinawauza mosapita m'mbali kuti ndiwaperekeza, ndikaone ndi maso anga kuti kuli munthu woti aziwazonda. Anandipezera viza ya masabata atatu. Ntchito ina inali ikundidikira kale kwa banja lina ku Business Bay, choncho nthawi yanga inali yomweyo basi.

Ulendo wa masiku amenewo unkayambira m'mphuno. Tinapita ku tenti yoyezera matenda, kumene mtsikana wovala zoyera kuyambira kumutu mpaka kumapazi anandilowetsa kamtengo m'mphuno mpaka ndinakumbukira machimo a ku pulayimale. Zotsatira za Madamu zinabwera tsiku lomwelo, zanga zinafika m'mawa mwake nditamaliza mapemphero onse amene ndimawadziwa. Koma wa mapepala ambiri pa tonsefe anali Hamishi. Galu ameneyu anali ndi kabuku ka katemera, kalata ya dokotala, kalata ya boma, ndi chithunzi chake atatulutsa lilime. Ine mwana wa munthu mapepala anga anakwana m'thumba la juzi, iye envulopu yonse. Ndipo ndi iye amene anatitalikitsira ulendo, chifukwa ndege zinali zochepa, ndipo imene inavomera kunyamula bokosi lake inali yopita ku Frankfurt, ku Germany. Kuchokera kumeneko tinayenera kuyenda pa galimoto mpaka pakati pa France.

Wotiperekeza ku bwalo la ndege anali achimwene a Zulu, a ku Chipata, amene amayendetsa galimoto ya kampani ina yokonza m'nyumba ndipo timaimba kwaya imodzi. Anafika m'mamawa masiki ili pachibwano, akusakaniza zilankhulo monga mwa nthawi zonse.

"Yalla asisi, khalas, tiyeni! Traffic ya m'mawa simuiziba imwe?"

Bokosi la Hamishi linakana kulowa m'galimoto. Tinalitembenuza uku ndi uku, tinagwetsa mipando, ayi ndithu. Achimwene a Zulu anakanda mutu n'kuimbira mnzawo wa ku Pakistan amene ali ndi galaja ku Ras Al Khor.

"Bhai, problem. Bwera na pikapu, jaldi jaldi!"

Sindikudziwa kuti m'Pakistaniyo anamva chilankhulo chiti pa zitatuzo, koma pikapu inabwera, ikununkha oyilo. Madamu anakhala kutsogolo atakumbatira galu, ine ndi achimwene a Zulu tikutsatira pambuyo ndi masutikesi. Potsanzikana tinagundana zigongono monga mwa lamulo la nthawiyo.

"Mukabwele asisi, inshallah. Musakakwatiwe na mzungu uko, choir izavutika."

Za m'ndege palibe chokamba: masiki kumaso ulendo wonse, mipando yambiri yopanda anthu, ine tulo. Ku Frankfurt ife anatilola kulowa msanga, koma galu anatuluka patapita maola anayi, ku nyumba ina ya katundu yakutali. Tinakhala pa benchi yachitsulo pamodzi ndi bambo wina wa ku Turkey amene ankadikira mphaka wa mwana wake. Chilankhulo sitinkamvana, koma anatigawira mtedza wake, ife tinamugawira mabisiketi, ndipo aliyense ankaonetsa mnzake chithunzi cha nyama yake ngati anthu odikira odwala kuchipatala. Madamu ankadzuka, kupita pawindo, kubwerera, kudzukanso. Hamishi atatuluka anatiyang'ana ngati ochedwa ndife, kenako anakakodzera tayala la ngolo ya katundu.

Galimoto yobwereka inali yaing'ono, yabuluu, ndipo inali ya magiya a pamanja. Madamu anali atayendetsa ya otomatiki zaka makumi awiri. Anakhala pampando n'kuyang'ana kumapazi kwa nthawi ndithu.

"Esnart, zopondapo zilipo zitatu."

"Inde Madamu, nanenso ndaziwerenga."

"Mwendo wakumanzerewu ndinkatani nawo kale?"

"Musafunse ine Madamu, ine ndimadziwa njinga."

Galimoto inadumpha ngati chule katatu, n'kuzima. Kukwera kamtunda kotulukira pamalo oimika magalimoto kunatitengera nthawi yoti munthu n'kuwiritsa tiyi n'kumwa. Titalowa mumsewu waukulu, magalimoto a anthu a ku Germany ankatidutsa ndi liwiro loti kagalimoto kathu kankagwedezeka. Madamu anagwira chiwongolero mwamphamvu, ndipo pofuna kudzilimbitsa mtima anayamba kung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi kwawo. Ndinaizindikira nthawi yomweyo, chifukwa ifenso timaiimba pa Chichewa. Ndinalowamo ndi alito, aliyense m'chilankhulo chake, Hamishi akulira kumbuyo ngati wa besi. Tinafika ku Karlsruhe tikuimbabe, ndipo tinagona kumeneko.

Loweruka m'mawa tinalunjika kumalire. Ine malire ndimawadziwa, ndinadutsapo kangapo pa Mwanza nthawi imene ndinkakaoda nsapato ku Joni. Ndikudziwa mizere yake, anyamata osintha ndalama, ndi nkhope imene munthu amavala pamaso pa a kasitomu. Choncho ndinali nditayala zonse pamiyendo: mapasipoti, mapepala a katemera, envulopu ya galu. Tinawoloka mlatho pa mtsinje waukulu.

"Takulandira ku France, Esnart."

"Kuti?"

"Pompano. Uku ndi ku Strasbourg."

Wapolisi mmodzi yekha anatiimitsa, anayang'ana mapepala a katemera mongodutsa, kenako n'kutha nthawi yaitali akukanda Hamishi kukhutu. Pasipoti yanga sanaidinde n'komwe. Kunena zoona ndinakhumudwa, chifukwa ndinkafuna chidindo chokaonetsa kumudzi.

Titadutsa Mulhouse tinalowa mumsewu wolipira. Pachipata makina anatulutsa katikiti, ndipo Madamu anandipatsa kuti ndikasunge bwino, chifukwa potuluka amaonera pomwepo mtunda umene wayenda. Kusunga bwino kwa ine ndi kumodzi: ndinakapinda kanayi n'kukamanga pa mfundo ya chitenje, monga timachitira ndi ya minibasi. Kunja kunkatentha, ndipo thukuta linachita ntchito yake. Pofika pachipata chotulukira kufupi ndi Beaune, katikiti kaja kanali kofewa ngati tsamba la fodya. Makina anakalavula. Tinakawongola pabondo, anakalavulanso. Kumbuyo kwathu magalimoto anali atandanda. Madamu anadina batani lopempha thandizo, ndipo m'makinamo munatuluka mawu a mzimayi.

"Bonjour."

Madamu anayamba kufotokoza vuto lathu m'Chingerezi chothamanga. Mawu aja anabwereza mofatsa ngati akuphunzitsa mwana.

"Bonjour, madame."

Mpaka Madamu atabweza moniyo ndi pamene mayiyo anatiuza kuti timuwerengere manambala a pakatikiti, chipata n'kutseguka. Manyazi anandigwira chifukwa cha chitenje changa, koma Madamu anaseka mpaka misozi, n'kulamula kuti kuyambira tsiku limenelo pepala lililonse liziyenda patali ndi chiuno changa.

Njala inatipeza titadutsa Chalon. Tinapatukira m'katauni kena nthawi itangopitirira 2 koloko, tinapeza malo odyera khomo lili lotsegula, anthu akumwa khofi. Mwini wake anatilozera wotchi ya pakhoma n'kupukusa mutu: kukhitchini moto anazimitsa kale. Sitolo zonse zinali zotseka. Madamu anatulutsa foni kuti aitanitse chakudya monga ankachitira ku Dubai, kumene ngakhale ukafuna dzira limodzi njinga yamoto imafika pakhomo usanavale nsapato. Foni inawauza kuti m'dera limenelo mulibe wobweretsa chilichonse. Tinakhala pansi pa mtengo pafupi ndi tchalitchi, tikuonerera madala akuponya timipira tachitsulo pafumbi ndi kukangana ngati pali mlandu wa munda. Walira mvula walira matope: Madamu ankafuna dziko labata, ndipo bata lake linali limeneli.

Sitolo ya buledi itatsegulidwa, Madamu analowa mothamanga n'kuloza ndi chala kuti awiri awa. Mayi wogulitsayo anapinda manja pachifuwa n'kunena kuti bonjour, kenako n'kungoima. Apa ndi pamene ndinayamba kuwakonda anthu a ku France. Kwathu ku Ntcheu ukafunsa njira usanapereke moni, munthu amakuyankha kuti tadzuka bwino, kaya inu, ndipo njirayo uyambanso kuifunsa utachita manyazi. Ndinawauza Madamu zimenezi tikudya buledi m'galimoto, koma iwo anangoti mayiyo watopa ndi masiki.

Tsikulo tinayenera kukafika, koma mwendo wakumanzere wa Madamu unatupa chifukwa cha kuponda kosazolowera, ndiye tinagona ku Moulins. Lamulungu m'mawa tikumwa tiyi ndinakumbukira za kiyi.

"Kodi mayi aja osunga kiyi mwawauza kuti tachedwa?"

"Inde, ndakhala ndikuwalembera."

"Tandiwerengereni."

Madamu anavala magalasi n'kuwerenga. Uthenga woyamba unali wakuti, "Loweruka, 4 koloko, kiyi." Wachiwiri, "Tachedwa. Lamulungu, 10 koloko." Wachitatu, umene anali atangoutumiza, "1 koloko."

"Basi?"

"Basi. Zikumveka bwino, si choncho?"

"Akuyankhani?"

"Ayi."

Umu ndi mmene tinkalemberera mnyamata wobweretsa madzi akumwa ku Al Furjan, ndipo ngakhale iyeyo ine ndinkayamba ndi kumufunsa za ana. Ndinayesa kunenapo, koma Madamu anati anthu a kuno safuna nkhani zambiri. Ndinazisiya, ndinati mwina mzungu amawadziwa bwino azungu anzake.

Kuchokera ku Moulins tinadutsa Montluçon, kenako misewu inayamba kuchepa, kukhotakhota pakati pa minda ndi ng'ombe zonenepa zofiirira. Tauni ya Madamu tinaipeza ili zii: tchalitchi, kamlatho, sitolo zingapo zotseka. Nyumba yawo inali yamiyala, mawindo atatsekedwa ndi zitseko zamatabwa zobiriwira, koma maluwa a m'miphika pakhomo anali amoyo, othiriridwa bwino. Nthawi inali 1 koloko ndendende. Pabwalo la nyumba yoyandikana nayo, mayi wachikulire wamfupi wovala epuloni ndi bambo wa ndodo anali patebulo, akudya.

Ndisanamasule lamba, Madamu anali atatsika kale. Anakankha geti la eni ake, kulunjika patebulo, foni kudzanja lina, dzanja lina lili patsogolo. Ndinaona mayi aja akuika foloko pansi pang'onopang'ono. Anaimirira, analankhula mawu ochepa, analoza mbale yawo, kenako n'kuloza geti. Madamu anabwerera m'galimoto nkhope ili psuu.

"Akuti akudya. Akuti ndituluke."

Anagwira chiwongolero n'kuyamba kulira. Zaka zonse zija, ngakhale tsiku limene anawachotsa ntchito, sindinawaonepo akulira choncho.

"Ndalakwitsa, Esnart. Ndagula nyumba pakati pa anthu osandifuna. Ndiigulitsa basi."

Mantha anandigwira. Ngati munthu woyamba, wa khomo loyandikana nalo, asanduka mdani tsiku loyamba, ndiye ine ndikachoka Madamu adzatsala okhaokha ndi galu wosatha kuimba foni.

"Madamu, mundilole ndilankhule ngati mwana wanu, osati wantchito."

Anagwedeza mutu movomera.

"Inu mwalowa pakhomo pa eni opanda odi, anthu ali pambale, dzanja lili patsogolo ngati mwabwera kusitolo. Kwathu mlendo sayamba ndi chimene wabwerera. Amaima kaye kunja, amapatsidwa mpando, amalonjerana ndi eni khomo, amafunsa za ana ndi za mvula. Chimene wabweracho chimatuluka chokha pambuyo."

"Koma kiyiyo ndi wanga."

"Kiyi ndi wanu, koma khomo ndi lawo."

"Ndiye titani?"

"Tidikire amalize kudya. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anthu a ku France akakhala pambale Lamulungu safulumira. Tinadikira ola ndi theka. Tinamuyendetsa Hamishi mpaka kukamlatho ndi kubwerera kawiri, tinawerenga mayina a pamakomo, tinakhala pamwala. Nditaona kuti mbale zachotsedwa, ndinasanthula m'chikwama changa n'kupeza paketi ya tende, zipatso zotsekemera zija za kanjedza, zimene ndinagula ku msika wa ku Ras Al Khor kuti ndizidzakomeza nazo pakamwa ndekha. Ndinamanga chitenje bwinobwino, ndinakonza masiki, n'kuwauza Madamu kuti ayende pambuyo panga.

Ndinaima kunja kwa geti, ndinaomba m'manja pang'onopang'ono n'kunena kuti odi, chifukwa ndi chimene pakamwa panga pamadziwa. Mayi aja atatuluka ndinapinda bondo n'kupereka bonjour wanga, wina kwa iwo, wina kwa bambo aja, kenako ndinatambasula tende ndi manja awiri. Madamu kumbuyo kwanga anasonkhanitsa Chifalansa chawo cha kusukulu, chimene chinali chitachita dzimbiri, n'kupepesa chifukwa chowasokoneza pa chakudya. Madame Odette anatiyang'ana nthawi yaitali pamwamba pa magalasi. Kenako anatsegula geti. Amuna awo, Monsieur Rémy, anakoka mipando n'kuiika motalikirana monga mwa nthawi ya mliri, ndipo khofi anabwera.

Lamulo langa linali limodzi: za kiyi osatchula. Ndinakhala poti phazi langa lizifika pa phazi la Madamu. Ine ndinkanong'ona mafunso, iwo ankamasulira. Mwadzuka bwanji? Mwendo wa bambo unatani? Mvula yagwa bwanji chaka chino? Tomato ameneyu mumathira chiyani kuti akule chonchi? Pa nkhani ya tomato Monsieur Rémy anaiwala ndodo, anadzuka kukatithyolera. Kawiri konse Madamu anayamba kukhotera ku nkhani ya kiyi, ndipo kawiri konse ndinawaponda.

Kenako ndinawauza kuti afunse za munthu amene ankakhala m'nyumba imene agulayo. Madame Odette anapotokola ngodya ya epuloni. Atayamba kulankhula, Madamu ankandimasulira pang'onopang'ono. Munali mnzawo, dzina lake Jeanne. Anakhala moyandikana kuyambira ali akazi achitsikana, analera ana limodzi. Mliri utangoyamba Jeanne anatengedwa pa ambulansi ndipo sanabwerenso, ndipo kumaliro anangololedwa anthu ochepa a pabanja, Odette anatsala pageti. Ana a malemuwo amakhala kutali, nyumba anaigulitsa pa foni. Maluwa aja ankathirira ndi Odette, m'mawa uliwonse. Ndiye tsiku lina foni inalira, munthu wosamudziwa walemba mawu atatu, lomaliza lake kiyi.

Madamu anavula magalasi. Anayamba kufunafuna mawu ambiri, koma ndinawagwira mkono. Pa maliro sipafunika zambiri. Anangoti pepani, nanenso amuna anga anandisiya, kenako tonse anayi tinakhala chete. Hamishi yekha ndi amene anadzuka, anapita kukagoneka mutu pa phazi la Madame Odette.

Patapita nthawi mayiwo anapisa dzanja m'thumba la epuloni n'kutulutsa kiyi. Anali momwemo nthawi yonseyi, ngakhale pamene ankadya. Sanatipatse m'manja. Anatitsogolera okha, anatsegula chitseko okha, n'kuima pambali kuti Madamu ayambe kulowa. M'nyumbamo munali mosesedwa. Patebulo panali buledi, mazira, batala ndi botolo la jamu wopanga okha, chifukwa ankadziwa kuti Lamulungu masana ndi Lolemba lonse m'tauniyo simugulidwa kanthu. Anali atakonza zonsezi Loweruka, tsiku limene tinkayenera kufika. Madamu anandiyang'ana. Ndinangokweza nsidze, ndipo ndikuvomera kuti ndinazikweza kwambiri.

Masabata atatu amene ndinakhala kumeneko ntchito yanga yeniyeni sinali kumasula makatoni. Inali kuwatulutsa Madamu m'nyumba. M'mawa uliwonse tinkapita kukagula buledi mmodzi yekha, dala, kuti mawa tidzapitenso. Tsiku loyamba Madamu anapereka moni kwa wogulitsa yekha. Pofika sabata yachiwiri ankalonjera mzere wonse, ndi agalu omwe. Zolakwitsa sizinathe ayi. Lolemba loyamba anaiwala n'kukagwedeza chitseko cha sitolo yotseka, Lolemba lachiwiri anabwerezanso. Zinyalala anazitulutsa tsiku lolakwika, m'thumba la mtundu wolakwika, mpaka bambo wina wa kumapeto kwa msewu anabwera kudzawaphunzitsa, phunziro limene linathera pa kapu ya vinyo. Monsieur Rémy anadzipereka kuwaphunzitsa kunyamuka pamtunda ndi kagalimoto kakale kamene Madamu anagula, iye atakhala pampando wake pabwalo akukuwa malangizo ndi kugwedeza ndodo. Lachinayi linali tsiku la msika, ndipo kumeneko ine ndinatchuka kuposa Madamu, chifukwa ndinayesa kunenerera mtengo wa kabichi ndipo msika wonse unabwera kudzaona.

Tsiku lina m'sabata yomaliza tonse tinagona mopitiriza, titatopa ndi kupenta khitchini. Ndinadzidzimuka ndi phokoso la ndodo ikugogoda pa zitseko zamatabwa za pawindo la Madamu, ndi mawu a Madame Odette akuitana dzina lawo mwamantha. Nthawi inali itadutsa 9 koloko. Madamu atatsegula, tsitsi lili nyankhalala, analandira chidzudzulo cha mphindi zisanu. Mumsewu umenewo kutsegula zitseko za pawindo m'mawa ndi kuuza anzako kuti wadzuka wamoyo, ndipo zikakhala zotseka mpaka dzuwa kukwera, wina amabwera ndi ndodo. Ine ndinakhala pabedi langa ndikumvetsera mayi wachikulireyo akukalipa, ndipo chimwemwe chimene ndinamva sindingachifotokoze. Ndinathokoza Mulungu mokweza mpaka Hamishi anabwera kudzandiona.

Mlendo ndi mame. Tsiku langa litakwana Madamu anandiperekeza ku siteshoni ya sitima, galimoto inangozima kamodzi kokha panjira. Tinakumbatirana, malamulo a mliri tinawaiwala dala, tinalira mpaka masiki kunyowa.

Ku Business Bay ntchito inali ya ana awiri osamva, m'nyumba yosanja yoti ukayang'ana pansi mutu umazungulira. Masabata oyamba Madamu ankandiimbira masana aliwonse nthawi yanga yopuma, kufotokoza zonse, ngakhale zimene Hamishi wadya. Kenako anayamba kudumphitsa tsiku, kenako masiku awiri. Lachinayi lina ndinawaimbira ndine, ana atapita kokasambira, nditakhala ndi kapu yanga ya tiyi ndi nkhani zambiri zoti ndiwauze. Anayankha akupuma mofulumira.

"Esnart mwanawe, ndikuimbira nthawi ina. Odette ali pageti, akuti tikachedwa tikapeza tchizi chabwino chatha."

Kumbuyo ndinamva galu akuuwa ndi mawu a mayi uja akuwafulumizitsa, kenako foni inaduka. Ndinaiyang'ana foniyo. Zaka zisanu ndi chimodzi ndikuwaphikira, kuwachapira, kuwawerengera mapilitsi, lero akundidulira foni chifukwa cha tchizi! Nsanje inandigwira, sindikana. Ndinamwa tiyi wanga ndekha ndikung'ung'udza. Koma kapu isanathe ndinapezeka ndikuseka, misozi ikutsika. Madamu sanaimbenso mpaka Lamulungu, ndipo masiku atatu amenewo ndinagwira ntchito ndikuimba.